Mafayilo achinsinsi pa kompyuta ya anthu asanu: ndiwakiye bwanji?

MlembiWaKomiti
Moni nonse akuluakulu. Pali nkhani yandiimitsa mutu. Ndimagwira ntchito mongodzipereka pa kabungwe kena ka m'dera lathu kothandiza ana amasiye ndi odwala matenda a mgonagona. Pa ofesi pali kompyuta imodzi yokha, ya patebulo, yomwe tinachita kupatsidwa. Timaigwiritsa ntchito anthu asanu, ndipo masana mwana wa a wapampando amabwera kudzaonerapo mafilimu. Akaunti ndi imodzi, pasiwedi yake ili pa kapepala pansi pa kiyibodi.

M'kompyutamo muli kaundula wa anthu amene timawathandiza: mayina, midzi, amene ali pa ma ARV, amene anasiya mankhwala ndipo tikuwalondola, komanso ngongole za banki m'khonde ya gulu lathu. Foda yake ndinaibisa ndi njira ija ya Hidden, n'kuitcha "Zakale" kuti munthu asachite nayo chidwi. Sabata yatha ku chigayo mayi wina anandikokera pambali, misozi ili chuchuchu, kundifunsa kuti mlamu wake wadziwa bwanji zoti iwo amamwa mankhwala, chikhalirecho anaulula kwa ine ndekha. Tsiku limenelo tulo sindinatione. Umboni woti zinatuluka m'kompyuta ndilibe, koma njira ina sindikuiona. Ndithandizeni, ndichite chiyani kuti zimenezi zisadzachitikenso? Ndalama zogulira kompyuta ina tilibe.

Kabaza265
Ikani pa fulashi muziyenda nayo m'chikwama. Yatha.

NesiWaUsiku
Sinathe achimwene. Fulashi ikagwa mu minibasi, wotola awerenga mudzi wonse. Pamenepo mwangochotsa vuto pa ofesi n'kulipititsa kumsewu. Amayi a Mlembi, pepani kwambiri. Ine ndimagwira ntchito ndi odwala, ndikudziwa kuti munthu akamva kuti zake zatuluka, kawirikawiri amasiya kubwera kudzatenga mankhwala. Chonde mayiwo muwayendere, musadikire kuti mupeze kaye wolakwa.

Fundi_wa_ku_Limbe
Mayi, poyamba timvane chinthu chimodzi: kubisa ndi kukiya n'zosiyana. Hidden ija ili ngati kuika ndalama pansi pa mphasa. Aliyense akapita pa View n'kuchonga Hidden items, foda yanu iyo poyera. Ngakhale asachonge, akangotsegula Excel, mafayilo amene mwatsegula posachedwa amaoneka pomwepo, kudina kamodzi alowa. Ndikuganiza kuti ndi mmene zinachitikira. Mwina munthuyo sanachite kufunafuna n'komwe.

Choyamba choti muchite mawa lomweli: aliyense akhale ndi akaunti yakeyake ya mtundu wa Standard, ndi pasiwedi yakeyake, kapepala kaja kang'ambidwe. Akaunti ya Administrator ikhale imodzi, yongoikira mapulogalamu. Mukamadzuka pampando, ngakhale mukungopita kukamwa madzi, dinani batani la Windows pamodzi ndi L. Koma ndisakunamizeni kuti zikatero mwatetezeka. Amene ali ndi Administrator angathe kulowa m'foda ya wina aliyense. Ndipo ine pa ntchito yanga, kompyuta ikakana kuyaka, ndimayatsira pa fulashi ya Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kapena kuzula hard disk n'kuilumikiza ku kompyuta ina, mafayilo onse ndimawaona popanda kufunsidwa pasiwedi ya Windows. Pasiwedi imeneyo imatseka khomo lokha, zipupa n'zaudzu. Chimene chimagwira ntchito ndi encryption, kutanthauza kuti fayilo yeniyeniyo imasandutsidwa zinyalala zosawerengeka mpaka mwini kiyi abwere.

Mphunzitsi_Dedza
Ine malikisi a ana ndimaika pasiwedi mu Excel momwemo. Palibe choika china, palibe bandulo. Bwanji osangotero?

Fundi_wa_ku_Limbe
Aphunzitsi, zimadalira kuti mukudina pati. Ngati ndi Protect Sheet, imeneyo imangoletsa munthu kusintha manambala, koma kuwerenga akuwerenga, ndipo kuichotsa n'kosavuta. Yeniyeni ili pa File, kenako Info, Protect Workbook, Encrypt with Password. Kuyambira Office 2007 imeneyi imagwiritsa ntchito njira ya encryption yotchedwa AES, loko wake ndi wolimba ndithu. Muonetsetse kuti fayilo ndi ya xlsx kapena docx, chifukwa zakale zija za xls ndi doc loko wake unali wofooka.

Mphunzitsi_Dedza
Ndapita kukaona. Zaka zonsezi ndimadina Protect Sheet. Zikomo bambo, ndakonza lero lomwe.

WaKuJoni
Kuno kuntchito laputopu iliyonse ili ndi BitLocker, loko wa Windows wa disiki yonse, ndipo chiyambireni kugwira ntchito mokwanira kwa POPIA, lamulo la ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu, mu 2021 sachita nazo masewera. Yatsani BitLocker achemwali, disiki yonse ikhomedwa, munthu wa fulashi ya Ubuntu uja sapeza kanthu.

ChingweChofiira
@WaKuJoni zoona, koma mankhwala amenewo ndi a nthenda ina. BitLocker imateteza kwa wakuba wonyamula kompyuta kapena wozula hard disk. Kompyuta ikayaka, munthu n'kulowa, disiki yonse imakhala yotsegula. Anthu amene akuvuta pa ofesi ya amayiwa si akuba a usiku, ndi anzawo amene ali ndi ufulu woyatsa kompyutayo. Kuwonjezera apo BitLocker yonse imapezeka pa Windows ya Pro, Enterprise ndi Education, pa Home palibe, kupatula kachibale kake kotchedwa Device encryption komwe kamafuna kompyuta yatsopanoko.

Ine ndikanati VeraCrypt. Ndi yaulere, inachokera ku TrueCrypt yomwe eni ake anaisiya mu 2014. Mumapanga fayilo imodzi, tinene ya 2 GB, yomwe ili ngati sutikesi. Mukaitsegula ndi pasiwedi, imaoneka ngati fulashi yatsopano, mwachitsanzo drive ya M. Mumagwiriramo ntchito monga mwa nthawi zonse, Excel, Word, zithunzi, zonse. Mukamaliza mumadina Dismount, ena alemba Unmount, sutikesi yatsekeka. Administrator angathe kuiona fayiloyo, angathe kuikopa ngakhale kuifufuta kumene, koma kuwerenga zamkati sangathe. Ubwino wake kuposa pasiwedi ya Excel ndi woti zonse zili malo amodzi ndipo ngakhale mayina a mafayilo saoneka.

Zinthu ziwiri muzidziwe. Kuika VeraCrypt kumafuna Administrator, ndiye simungachite mozemba. Chachiwiri, sutikesi ikakhala yotsegula, ndipo mnzanu walowa pa akaunti yake kudzera pa Switch user, drive ija angathe kuiona. Choncho mu Settings chongani kuti izidzitseka yokha mukakhoma sikirini, mukatuluka, kapena pakapita mphindi zingapo isakugwiritsidwa ntchito.

Kabaza265
Zonsezi mayi wongodzipereka azikwanitsa? Mukulankhula ngati muli ku Poly.

ChingweChofiira
Munthu amene akuyendetsa kaundula ndi mabuku a banki m'khonde sangalephere kudina Mount ndi Dismount. Tsiku loyamba lokha ndi limene afunika womukhalira pambali. Koma ngati zikuoneka zolemera, pali 7-Zip. Pulogalamu yake sikwana n'komwe 2 MB. Mumadina foda ndi batani lakumanja, Add to archive, kusankha 7z, kulemba pasiwedi, n'kuchonga Encrypt file names. Ndi AES-256, yolimba. Vuto lake ndi loti pa fayilo yosintha tsiku ndi tsiku muzikhalira kumasula ndi kumanganso, ndipo nthawi iliyonse mukamasula mumasiya mapazi pa disiki. N'chifukwa chake 7-Zip ndimaikonda posungira makope ndi potumiza, osati pogwirira ntchito.

Msungichuma_Wopuma
Ana inu mwathamangira maloko, koma pali funso limene palibe walifunsa. Mafayilowa ndi a ndani? Ndi a bungwe, si a mlembi. Ine ndasungapo chuma cha mpingo zaka zambiri. Mnzathu wina amene ankasunga mabuku pa kompyuta anamwalira mwadzidzidzi, pasiwedi anapita nayo kumanda. Tinatha miyezi tikutolera malisiti m'makatoni kuti tidziwe amene ali ndi ngongole. Mayi, mukakiya nokha osauza komiti, tsiku lina adzati mukubisa ndalama za banki m'khonde, ndipo mudzasowa poyankha. Ine sindikuvomereza zoti munthu mmodzi akhale ndi kiyi wa zinthu za gulu.

NesiWaUsiku
Agogo, pa ndalama mukunena zoona. Koma zoti wakuti ali pa mankhwala si za gulu. Komiti ikufunika kudziwa kuti tikuthandiza anthu angati, osati kuti ndi ndani. Mayi uja anaulula kwa munthu mmodzi, sanaulule kwa anthu asanu ndi mwana wa filimu.

Msungichuma_Wopuma
Nanga mlembi akagonekedwa m'chipatala, odwalawo awalondola ndani?

NesiWaUsiku
Funso labwino, ndipo yankho lake lilipo. Mafayilo agawidwe pawiri. Za ngongole zikhale pazokha, pasiwedi yake adziwe mlembi, msungichuma ndi wapampando. Za umoyo zikhale m'sutikesi yakeyake. Pasiwedi ya sutikesi imeneyi ilembedwe papepala, liikidwe mu envelopu yomata, anthu awiri asaine podutsa pomatapo, isungidwe m'kabati yokiya kapena kwa mkulu mmodzi wodalirika. Ikatsegulidwa aliyense aona kuti yatsegulidwa, ndipo pasiwedi isinthidwe.

Ndiwonjezere chimene timachita ife. Mu kompyuta musalembemo mayina n'komwe. Munthu aliyense mumupatse nambala. Buku lolumikiza nambala ndi dzina likhale la pamanja, lokiyiridwa kwina. Ngakhale fayilo itatuluka, woipezayo angoona kuti nambala 37 inasiya mankhwala mwezi wa March. Musamalenso ndi mudzi ndi zaka, chifukwa m'mudzi waung'ono "mayi wa zaka 41 wa ana anayi" aliyense amudziwa ngakhale popanda dzina.

Msungichuma_Wopuma
Za envelopuzo ndagwirizana nazo. Bola zilembedwe m'maminitsi.

MayiWaMapasa
Pepani ndilowe ndi yanga. Ine ndimaopa okonza makompyuta kuposa anzanga a pa ofesi. Mng'ono wanga anapititsa laputopu kokonzetsa, patapita mwezi zithunzi zake za m'nyumba zinayamba kuzungulira pa WhatsApp. Ukwati unatsala pang'ono kutha.

Fundi_wa_ku_Limbe
Zimachitika mayi, sindingakane, ndipo zimatichititsa manyazi tonse a ntchitoyi. Malangizo anga: ngati vuto ndi sikirini, kiyibodi, batire kapena potchajira, fundi safunika pasiwedi yanu. Ngati hard disk yake ndi yochotseka, muuzeni aichotse inu mukuona, mupite nayo kunyumba. Akakana, pitani kwina.

Chipata_Boy
Na kuno ku Chipata ni cimodzi-modzi. Koma ine vamene vinanisiliza ni ka vayirasi ka ma shortcut. Unangoika fulashi pa kompyuta ya pa stationery, mafoda yonse yasanduka ma shortcut.

Fundi_wa_ku_Limbe
Kameneko nthawi zambiri sikafufuta, kamangobisa mafoda. Musadine ma shortcutwo ndipo musafomate, lamulo la attrib limawabweza. Koma tsegulani mutu wina, ndikufotokozerani kumeneko.

Bambo_a_Junior
Nanga mkazi wanga akaika VeraCrypt pa laputopu ya kunyumba, ine ndidziwa bwanji zimene akubisa? M'banja mulinso zinsinsi?

MayiWaMapasa
Ngati ndi nesi, mphunzitsi kapena mlembi ngati amayiwa, inde zilimo, ndipo si zake, ndi za anthu ena. Kukwatira munthu si kukwatira odwala ake.

Woyang'aniraGulu
Za m'banja kwa ankhoswe akuluakulu. Tibwerere kwa a Mlembi.

ChingweChofiira
Tibwereredi, chifukwa gawo limene anthu ambiri amagwera sitinalikhudze. Mukasamutsira mafayilo m'sutikesi, akale aja sanachoke. Kufufuta, ngakhale ndi Shift ndi Delete, ngakhale kukhuthula Recycle Bin, kumangochotsa dzina pa mndandanda, zolembazo zikadali pa disiki mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake. Mnyamata aliyense wodziwa Recuva azibweza pa mphindi zochepa. Windows ili ndi chida chake chopukutira malo opanda kanthu: mu Command Prompt lembani cipher /w:C:\ ndipo muisiye, pa hard disk yakale ingathe kutenga maola angapo. Ngati kompyuta ili ndi SSD, disiki ya mtundu watsopano, njirayi siyodalirika kwenikweni chifukwa SSD imasankha yokha polemba, ngakhale kuti nayo imakonda kupukuta zofufutidwa payokha.

Kenako sakani makope osochera. Foda ya Downloads. Desktop. Imelo imene munatumizira lipoti kwa othandiza, ngati browser imakumbukira pasiwedi yanu. WhatsApp Web yosatulukamo, imeneyi yavulaza ambiri. Zithunzi za makadi a kuchipatala zimene munakopa kuchokera pa foni. Ndi mapepala a pa pirinta: losindikizika molakwika limaponyedwa m'bini, mawa lakulungira mandasi.

Ndinene poyera malire a zonsezi. Ngati munthu wa Administrator ali ndi mtima woipa, angathe kuika kapulogalamu kojambula chilichonse chimene mukutaipa, pasiwedi ya sutikesi n'kuipeza. Mapulogalamu obedwa aja amene amabwera ndi magemu ndi mafilimu nawonso amanyamula zoterezi. Palibe loko amene angakutetezeni pa kompyuta imene mwana akuikapo chilichonse chimene wapeza. N'chifukwa chake nkhani ya ma akaunti a Standard ndi nkhani ya mwanayo sizodumphika.

Mlimi_wa_Fodya
Ndichenjezeko pa njira ina imene sinatchulidwe. Pa Properties, Advanced, pali kabokosi kolembedwa Encrypt contents to secure data. Ine ndinachonga pa foda ya mapepala a munda ndi ngongole za fetereza, zinkayenda bwino. Kompyuta itavuta, mphwanga anakopera mafayilo pa disiki ina n'kuikanso Windows. Mafayilo alipo mpaka lero, maina ndikuwaona, koma palibe imene imatseguka.

Fundi_wa_ku_Limbe
Imeneyo ndi EFS. Kiyi wake amakhala mkati mwa akaunti yanu ya Windows. Mukafomata musanasunge satifiketi yake pa fulashi, zapita. Ngakhale Administrator akangokusinthirani pasiwedi mokakamiza, mafayilo amakana. Pa kompyuta ya gulu, yomwe aliyense amaitanira mphwake kudzaikonza, ine sindingailimbikitse. N'chimodzimodzi BitLocker: ili ndi kiyi wopulumutsira wa manambala 48, ndipo anthu amabwera kwa ine atautaya, ine n'kusowa chowathandiza. Encryption siidziwa mwini wake, imadziwa kiyi basi.

MlembiWaKomiti
Zikomo nonse, ndakhala ndikulemba m'kope. Chondivuta tsopano si kompyuta, ndi a wapampando. Ndi munthu wabwino, ndi amene anayambitsa bungweli, ndipo mwanayo ndi wawo. Ndikanena kuti mwana asamagwire kompyuta, zimveka ngati ndikumuloza chala, pamene umboni ndilibe.

Msungichuma_Wopuma
Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwanawe. Musatchule mwana, musatchule za ku chigayo pagulu. Pitani kwa a wapampando panokha msonkhano usanafike, muwauze kuti pali dandaulo lochokera kwa wodwala ndipo mukufuna bungwe likhale ndi lamulo la kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta. Lamulolo alibweretse okha ku komiti ngati maganizo awo. Likhudze aliyense, inu nomwe.

LoyaWamawa
Ndipo muli ndi pogwira. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo bungwe loyang'anira lamuloli ndi MACRA. Za umoyo wa munthu zili m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera, ndipo udindo wozisamala uli pa bungwe limene lazitolera, osati pa mlembi yekha. Palinso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 yomwe imati kulowa m'zinthu za pa kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu. Ndikadali pasukulu, choncho musatenge mawu anga ngati uphungu wa loya, koma kuwauza a wapampando kuti malamulowa alipo kuwathandiza kuona kuti simukulimbana ndi banja lawo. Othandiza amene amakupatsani ndalama nawonso akamva kuti kaundula wa odwala anali pa akaunti ya aliyense, sangasangalale.

Kabaza265
Pasiwedi yake musaike dzina la mwana wanu ndi chaka chobadwa. Anzanu a pa ofesi ayamba kuyesa zimenezo.

ChingweChofiira
Apa Kabaza walasa. Utali ndi umene umalimbitsa. Tengani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana, achichewa momwemo, monga zinthu zimene simungazipeze pamodzi, muwalumikize ndi manambala pakati. Mwambi kapena vesi ayi, chifukwa zimenezo aliyense amazidziwa mapeto ake. Ndipo pasiwedi imeneyi isagwirenso ntchito pa Facebook kapena pa imelo.

WaKuJoni
Ndavomera za BitLocker zija, ndinaphonya funso. Koma ngati Windows yake ndi Pro aiyatsebe, chifukwa ma ofesi a kumudzi amathyoledwa. Komanso muone ngati ndi Windows 10, Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025.

MlembiWaKomiti
Ndabweranso patapita masabata awiri. Ndinachita monga ananenera agogo. A wapampando anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati iwonso kapepala ka pansi pa kiyibodi kankawadetsa nkhawa. Lamulo linadutsa ku komiti popanda wotsutsa. Tsopano aliyense ali ndi akaunti yake, Administrator ili ndi a wapampando, ndipo mwana uja akuonera mafilimu pa foni. Mnyamata wina wa kutchalitchi anatiikira VeraCrypt, koma polemba pasiwedi ndinamuuza atuluke kaye panja. Mayina ndachotsa onse, ndaika manambala, buku lili m'kabati. Envelopu tasaina awiri. Cipher ija inayenda kuyambira m'mawa mpaka titaweruka. Mu Downloads ndinapezamo makope atatu a kaundula amene sindinkadziwa kuti alimo.

Mayi aja ndinapita kukawapepesa kunyumba kwawo. Anandilandira, koma ku gulu sanabwerebe. Mankhwala akuti akumwa, akukatengera ku chipatala china chakutali. Ndipitanso Loweruka.

Funso lomaliza: kuno magetsi amathima mosachenjeza. Akathima sutikesi ili yotsegula, chimachitika n'chiyani?

Fundi_wa_ku_Limbe
Ku mbali ya chinsinsi musadandaule, kompyuta ikazima sutikesi imakhala yokiyika, poyatsa ifunanso pasiwedi. Choopsa ndi fayilo imene munali kulemba nthawi imeneyo, ingathe kuonongeka ngati mmene zimakhalira ndi fulashi yozulidwa pakati pa ntchito. Ndiye Lachisanu lililonse, mutatseka sutikesi, kopani fayilo yonseyo pa fulashi. Pamenepo fulashi ya Kabaza ija yapeza ntchito, chifukwa ngakhale itagwa mu minibasi wotola sawerenga kanthu. Mafulashi akhale awiri osinthanasinthana, imodzi izigona kunja kwa ofesi, ndipo kamodzi pamwezi muziyesa kutsegula kopelo kuti mutsimikize kuti likugwira. Bungwe likapeza kangachepe, mugule ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga magetsi komwe kamakupatsani mphindi zokwanira kusunga ntchito ndi kudina Dismount.

NesiWaUsiku
Loweruka mukapita, muwafunse ngati thiransipoti ya ku chipatala chakutalicho akuikwanitsa mwezi ndi mwezi. Ngati ikuwavuta mundilembere kumbali, tione njira yoti asadumphitse.